Kabuku ka mbiri ya amayi: tilembemo chiyani?

Wachisamba: Moni nonse. Mwezi wamawa chikwana chaka amayi atatisiya, ndipo tinapangana kuti tisindikize kabuku ka mbiri yawo kuti adzukulu adzakhale nako. Ndayamba kulemba koma ndaima panjira. Zomwe ndili nazo ndi zija zinawerengedwa pamaliro: anabadwa, anabatizidwa, anakwatiwa, anabereka ana 4, anali mayi wapakhomo, anali wokhulupirika mumpingo. Zonsezo n'zoona, koma mutafufuta dzina lawo n'kuikapo la mayi wina, palibe angazindikire. Chonde aliyense alembe chimene akukumbukira, chachikulu kapena chaching'ono. Ndalowetsanso pagulu pano abambo mkulu wa mpingo, amayi atsogoleri a gulu la amayi, ndi aneba athu akale.

Mzime: Zikomo achemwali. Ine chimene chimandibwerera ndi mawu awo m'bandakucha. Chipinda changa chinagundizana ndi chawo, ndiye ndinkawamva akupemphera. Sankanena kuti "odwala onse" ayi. Ankatchula munthu ndi nthenda yake, mwana ndi mayeso ake, mkazi ndi mwezi umene akuyembekezera kuchira. Ife ana ankatitchula motsata kubadwa, choncho dzina langa linkabwera pomaliza. Ndinkadikira mpaka ndilimve, kenaka n'kugonanso.

Mtsogoleri wa amayi: Ana anga, pepani ndithu, mpaka lero malo awo mutchalitchi timangowayang'ana. Mayina amene mukunenawo sankachokera m'mutu mokha. Anali ndi kope lachikuto chakuda. Mmenemo ankalemba okalamba ndi odwala onse amene tinkawayendera: uyu sangathe kusamba yekha, uyu mankhwala ake atha tsiku lakuti, uyu ana ake sabwera ndiye amafuna womucheza basi. Tikamakumana pakati pa sabata ankatsegula kopelo n'kutigawa awiriawiri. Ukapanda kupita ankadziwa, ndipo sankakukalipira pagulu. Ankabwera kwanu n'kunena kuti tiyeni tipitire limodzi panopa. Ine ndikawerenga za Dorika wa ku Yopa pa Machitidwe 9 ndimaona iwowo. Petro atafika kuchokera ku Luda, amasiye sanamufotokozere chikhulupiriro cha Dorika ndi mawu. Anamuonetsa malaya ndi zovala zimene anawasokera. Kopelo likadalipo, ndinalisunga ine.

Mkulu wa mpingo: Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ndathokoza pondiyika pagulu lino. Maganizo anga ndi oti pachikuto mulembe Miyambo 31, kuyambira ndime 10. Sindikuona malemba ena owayenera kuposa amenewo.

Mdzukulu: Abambo, mundikhululukire ndine mwana, koma ndimeyo imawerengedwa pamaliro a mayi aliyense. Ndipo ine ndikaimva ndimangotopa. Mkazi wodzuka kusanache, nyali yake yosazima usiku, aliyense akudya za m'manja mwake. Agogo anakhaladi choncho, koma miyendo inkawatupa ndipo palibe ankawauza kuti pumulani. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linatulutsa lipoti mu 2018 lonena kuti padziko lonse anthu amagwira maola 16.4 biliyoni tsiku lililonse pa ntchito yosamalira ena yopanda malipiro, ndipo gawo loposa 76 peresenti la ntchitoyo amagwira ndi akazi. Agogo anali m'chiwerengero chimenecho moyo wawo wonse. Ine mantha anga ndi oti tikawatama chifukwa chosapuma, tikuuza atsikana kuti mkazi wabwino ndi amene amafa ndi ntchito.

Mkulu wa mpingo: Mdzukulu, wafunsa bwino ndipo usapepese. Koma tawerenganso mutuwo mofatsa. Ndime 15 ikunena kuti mkaziyo ali ndi adzakazi amene amawagawira ntchito, ndiye kuti sanali yekha. Pa ndime 16 akuona munda, akuulingalira, n'kuugula ndi nzeru zake. Pa 24 akugulitsa zovala kwa amalonda. Pa 26 akutsegula pakamwa n'kuphunzitsa. Ndipo ndakatuloyo ikuthera pa lamulo kwa ife amene tikuonerera: mumpatse zipatso za manja ake, ntchito zake zimtame kuchipata, kumene akuluakulu a mzinda ankakhala poweruza nkhani. Ndime zake ndi 22, iliyonse ikuyamba ndi chilembo chotsatira cha Chihebri, ndiye ndi nyimbo yotamanda imene anthu ankatha kuiloweza, si ndandanda wa ntchito zoti mkazi amalize dzuwa lisanalowe. Vuto ndi loti alaliki ambiri amawerengera akazi ndime za kudzuka usiku, amuna osawawerengera ndime yomalizayo.

Mdzukulu: Ndamva abambo. Ngati ndi choncho, ine ndingavomere ndime 31 yokhayo.

Mpongozi: Alamu, ndakhala ndikulemba n'kufufuta. Mwati chachikulu kapena chaching'ono, ndiye ndinena. Apongozi anga sanali munthu wofewa. Zaka zoyamba ndinkawaopa. Akalowa m'nyumba mwanga maso ankayenda paliponse, ndipo amuna anga atasiya kupita kutchalitchi anaganiza kuti ndine ndawakoka. Sanandinene kwa anthu, anandiuza pamaso. Ndinalira. Patapita nthawi anadziwa kuti nkhaniyo inayamba ine ndisanabwere, ndipo anabwera okha, anakhala pansi, nati mwana wanga ndinakulakwira, undikhululukire. Munthu wamkulu ngati uja kupepesa kwa mkazi wa mwana wake. Kuyambira pamenepo anakhala mayi anga enieni. Nditachitidwa opaleshoni pobereka, ndi iwo ankandisambitsa ndi kundigoneka. Ngati kabukuka kanena kuti anali wofatsa nthawi zonse, ine sindiwazindikiramo.

Wachisamba: Alamu, zikomo polimba mtima. Zimenezi ndi zomwe ndimafuna. Ndilemba mmene mwaneneramo.

Aneba: Ine si wa mpingo wanu, ndipo chipembedzo changa n'china, koma tinakhala moyandikana nthawi yaitali. Mkazi wanga atamwalira anandisiyira khanda. Amayi anu ankabwera m'mawa uliwonse kudzandionetsa kasambitsidwe ndi kadyetsedwe kake, mpaka ndinazolowera. Sanandiuzepo kuti ndisinthe chipembedzo. Anangopempha kamodzi kuti kodi ndingalole azimupempherera mwanayo, ndinati inde. Mwana uja lero ali ndi banja lake, ndipo tsiku la maliro anayenda ulendo wautali kuti adzakhalepo.

Mtsogoleri wa amayi: Eee, ndi mmene analili. Ndiponso musaiwale kulemba za kupirira kwawo m'banja. Ife tikamalangiza ongokwatiwa kumene tinkawatchula iwo monga chitsanzo, kuti banja ndi kupirira, onani mayi awa sanamvekepo akudandaula za amuna awo.

Mng'ono wa malemu: Ndakhala chete kuwerenga, koma apa ndiyankhule, poti amene tinayamwa bere limodzi ndatsala ndekha. Amayi, zoti sanadandaulepo si zoona, ndipo mwini wake akanamva akanakukanizani. Ana inu, bambo anu pa zaka zoyamba za banja ankamwa, ndipo akamwa ankamenya. Usiku wina achemwali anga anagogoda kwanga, wina kumsana wina kudzanja, diso lotupa. Anakhala kwanga miyezi ingapo. Achibale ankabwera kudzawauza kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, bwererani. Iwo anakana. Anauza akulu a mpingo kuti ine ndinalumbira kukhala ndi mwamunayu pa umphawi ndi pa matenda, sindinalumbire kuti andiphe ana akuona. Anati sabwerera mpaka mlamu wanga asiye mowa ndiponso avomere zimene anachita pamaso pa akuluwo, osati kuseri. Zinatenga nthawi koma anachitadi, ndipo sanawakwezerenso dzanja mpaka imfa yake. Ndiye mukamati kupirira, nenani kuti anapirira kusowa, anapirira matenda, anapirira imfa ya mwana. Nkhonya sanazipirire.

Mtsogoleri wa amayi: Mayo ine. Ndinalowa mumpingo uno zimenezi zitapita kale, sindinazimvepo. Tsopano ndamvetsa china chake. Panali mtsikana wina wa m'gulu lathu amene ankabwera ndi mabala, ife n'kumamuuza kuti azipemphera. Mayi awa anamutenga n'kumugoneka kwawo, m'mawa anamuperekeza kuchipatala, kuchoka apo kupolisi. Ena tinawanena kuti akupasula banja la eni. Anangoyankha kuti mtembo sumanga banja.

Mkulu wa mpingo: Nkhani ya achemwali anu, mayi, akulu amene anaiweruza anandisimbirako ndili wachinyamata, ndipo ndi mmene mwaifotokozeramo. Pa zaukwati, anthu a mpingo amakonda kutchula Monica, mayi wake wa Augustine, mphunzitsi wotchuka wa mpingo wakale. Monica anakhala ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Mwamuna wake Patricius anali waukali ndi wosakhulupirika, ndipo anabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira. Augustine mwini analemba kuti akazi ena akabwera kwa Monica ndi zipsera kumaso, iye ankawalangiza kuti azigwira lilime pamaso pa amuna awo. Monica ndimamulemekeza kwambiri, koma malangizo amenewo sindingawapereke kwa mwana wanga. Mayi athu anatsata njira ya Abigayeli pa 1 Samueli 25. Nabala ataika nyumba yonse pangozi ndi uchitsiru wake, Abigayeli sanakhale pansi kudikira. Ananyamuka osamuuza, nakakumana ndi Davide panjira, napulumutsa anthu a m'nyumba mwake. Malemba akumutcha wanzeru.

Mzime: Ine zandiwawa. Bambo amene ndikuwadziwa ine ankandinyamula paphewa popita kutchalitchi, sanandimenyepo ngakhale kamodzi. Amayi aang'ono, sindikukutsutsani, koma kodi zimenezi n'zoyenera kulowa m'kabuku koti adzukulu awo aziwerenga? Iwo kulibe, sangadziyankhire.

Wachisamba: Mng'ono wanga, amene anali kudzanja usiku umenewo ndine. Ndimakumbukira mdima ndi kuzizira kwa mapazi, zina zonse ndinkangoziona ngati maloto mpaka lero pamene amayi aang'ono azinena. Bambo amene unawadziwa iwe ndi enieni, sanali achinyengo. Koma anakhala otero chifukwa amayi anakana kubwerera mwachisawawa. Tikachotsa nkhaniyi, tawabera amayi chinthu chachikulu chimene anachitira banja lino.

Mwana wamwamuna: Wakumsana ndinali ine, ndiye nanenso ndili ndi mawu. Ilembedwe. Bambo sankaibisa. Ndili mnyamata anandikhazika pansi n'kundiuza okha, nati tsiku limene udzakweze dzanja pa mkazi udzakhale utadziwa kuti bambo ako anatsala pang'ono kutaya zonse chifukwa cha zimenezo. Ankauzanso amuna anzawo akamwa. Mlongo wanga, sitikuwachotsera ulemu. Tilembe kugwa kwawo ndi kudzuka kwawo, zonse ziwiri, m'ndime imodzi yaifupi.

Ndipo poti Monica watchulidwa, ndikudziwa kumene nkhani imeneyo imathera. Mayi analirira mwana wake zaka zambiri, mwanayo anabatizidwa ku Milan mu 387, mayiyo n'kumwalira ku Ostia chaka chomwecho mtima uli m'malo. Amayi ankandiuza nkhani imeneyi. Chonde musalembe ngati kuti yathu inathanso choncho. Ine sindinabwerere kutchalitchi, ndipo sindikufuna kunamizira pofuna kukometsa kabuku. Chimene ndingachitire umboni ndi ichi: sanandichititsepo manyazi, sananditumizirepo abusa mondizemba, ndipo pakhomo pawo sanandilandire mosiyana ndi alongo anga. Ankandiuza poyera kuti ndikukupempherera ndipo sindisiya. Ine ndinkati chabwino amayi. Tinkakhala n'kumacheza zina.

Mkulu wa mpingo: Achimwene, sindinatchule Monica pofuna kukulasani, ndipo mwayankha mwaulemu. Lembani zoona zokhazokha. Mayi anu bodza ankadana nalo kuposa kujomba kutchalitchi.

Mzime: Chabwino. Ngati achimwene ndi achemwali mwagwirizana, ilembedwe. Koma ndimeyo ndiione isanapite kosindikiza, ndipo ndiwonjezere zanga za bambo.

Wachisamba: Udzaiona, ndipo zako zidzalowa.

Mdzukulu: Agogo aang'ono, ndili ndi funso lina. Kodi agogo ankafuna kukhala mayi wapakhomo, kapena zinangochitika? Sindinawafunsepo.

Mng'ono wa malemu: Ankafuna uphunzitsi, mdzukulu wanga. M'kalasi ankaposa anyamata. Koma mayi athu atadwala, wamkulu ndiye anasiya sukulu kuti atilere ife. Ine ndinaphunzira chifukwa iwo anasiya. Sankakonda kuikamba nkhaniyi, koma tsiku limene mayi ako analandira satifiketi yawo, achemwali anaigwira nthawi yaitali osalankhula. Usaganize kuti moyo wawo wapakhomo ankaunyoza ayi, ankaukonda ndipo ankaugwira ndi mtima wonse. Koma chimene anachitaya ankachidziwa. N'chifukwa chake mwana wamkazi aliyense wa m'banja lino akafuna kusiya sukulu ankakumana ndi iwo poyamba.

Mtsogoleri wa amayi: Komatu uphunzitsiwo anauchita. Amayi ambiri a m'gulu lathu anaphunzira kuwerenga pakhonde pawo, ine ndemwe mmodzi wa iwo. Tinkayamba ndi Uthenga wa Marko chifukwa ndi waufupi ndipo nkhani zake zimathamanga. Ankati mayi aziwerenga yekha Baibulo, asamangomva zimene wina wasankha kumuwerengera. Mayi wina wachikulire atawerenga yekha ndime yoyamba, tonse tinaimirira n'kuyamba kuyimba.

Mkulu wa mpingo: Zimenezi zikundikumbutsa Susanna Wesley, mayi wa John ndi Charles Wesley, oyambitsa mpingo wa Methodist. Mayiyu anabadwa mu 1669 n'kumwalira mu 1742. Anabereka ana 19, ndipo 9 anamwalira ali makanda. Mwamuna wake Samuel, mbusa wa ku Epworth, anamangidwapo chifukwa cha ngongole mu 1705, ndipo mu 1709 nyumba yawo inapsa, John ali ndi zaka 5 anachita kumutulutsira pawindo. M'nyumba yoteroyo mayiyu anaika lamulo loti mwana wamkazi asaphunzitsidwe kusoka asanadziwe kuwerenga bwino. Mwana aliyense anali ndi madzulo ake ocheza naye payekha, a John anali Lachinayi. Mwamuna wake ali ku London, iye anayamba kuwerengera ana ndi antchito ulaliki Lamulungu madzulo kukhitchini, anansi anayamba kubwera mpaka anafika pafupifupi 200. Mbusa wogwirizira anadandaula. Susanna analembera mwamuna wake kuti ngati akufuna misonkhanoyo ithe, asangonena kuti akufuna, alamule momveka, kuti mlandu wa miyoyo imeneyo ukhale pa iye. Samuel sanalamule. Za Susanna tikuzidziwa chifukwa makalata ake anasungidwa ndipo ana ake anatchuka. Mabuku a mpingo amalemba abusa, akulu, asungichuma ndi amene anapereka zomangira. Amene anaphunzitsa amayi kuwerenga pakhonde salembedwamo. Ndiye kabuku kanuka ndikupempha kope limodzi likhale m'mabuku a mpingo.

Mpongozi: Palinso nkhani ya mwana wawo amene anamwalira, alamu anga amene sindinawaone. Anandiuza ine nditapita padera. Anati atamuika mwanayo anasiya kuyimba mukwaya, ndipo kwa nthawi yaitali pemphero lawo linali funso limodzi lokha: munali kuti? Ndinadabwa kumva zotere kwa munthu ngati iwo. Ananditsegulira Yohane 11, pamene Marita akuthamangira Yesu panjira n'kumuuza kuti mukanakhala kuno mlongo wanga sakanafa. Anati taona, Marita yemweyo amene timamunena kuti ankangotanganidwa ndi miphika, ndi amene anamufunsa Ambuye maso ndi maso, ndipo ndi yemweyo amene pa ndime 27 akuvomereza kuti Inu ndinu Khristu. Anandionetsanso Salmo 88, limene limatha popanda mawu achitonthozo, nati ngati ili analilola kukhala m'Baibulo, ndiye kuti kulira kwako sikukumuchimwira Mulungu. Sanandiuze kuti ndisalire. Anakhala nane mpaka kunada.

Mng'ono wa malemu: Kukwaya anabwerera patapita zaka. Koma nyimbo imene inayimbidwa pamanda a mwanayo sanaiyimbenso. Ikayamba ankangotseka maso.

Wachisamba: Ndikulemba misozi ili m'maso. Zimene mwandipatsa usiku uno zaposa zimene ndinasonkhanitsa ndekha. Za pachikuto, ndikuona kuti pali Miyambo 31:31 ndi nkhani ya Dorika. Ine ndimaganiziranso 2 Timoteo 1:5, pamene Paulo akukumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chake chinayamba kukhala mwa agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike. Tivote mawa, ena sanalowe pagulu lero.

Mtsogoleri wa amayi: Musanatseke, ana anga, pali nkhani ya kope lija. Chichokereni iwo tayesetsa, koma tachepa ndipo ambirife miyendo yatha. Mwa mayina amene analembamo, 6 akadali moyo ndipo 2 sanayenderedwe mwezi uno. Mmodzi ndi bambo wachikulire amene anafa ziwalo mbali imodzi, amafunika womutengera kuchipatala kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Winayo ndi gogo wosaona amene mayi anu ankamuwerengera Masalmo. Sindikukakamiza munthu, ndangoti mudziwe.

Mdzukulu: Gogo wosaonayo ndipatseni ine. Loweruka masana ndimakhala ndilibe makalasi. Koma amalume ndi amuna ena a mumpingo alowepo nawo, isakhalenso ntchito ya amayi okhaokha.

Mkulu wa mpingo: Pa Machitidwe 6, amasiye atayamba kuiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, amene anasankhidwa kuti akonze zimenezo anali amuna 7. Ndikaitula nkhaniyi pa msonkhano wa akulu Lamulungu likubwerali, ndipo dzina langa mulilembe poyamba.

Mwana wamwamuna: Bambo ofa ziwalowo ndiwatenga ine, galimoto ilipo. Zopemphera mudzachita inu, ine ndidzawanyamula ndi kuwadikira pamzere. Amayi, munditumizire kumbali malo amene amakhala. Loweruka m'mawa zitheka?

Mtsogoleri wa amayi: Loweruka ayi bambo, tsiku lawo ndi Lachitatu, ndipo muzifika molawirira chifukwa mzere umatalika. Mubwere ndi munthu wina wamphamvu, pokwera galimoto amafunika awiri. Kabuku kawo ka kuchipatala kamakhala ndi mdzukulu wawo, ndimuuza akonzeretu.

Mpongozi: Wachiwiriyo ndine. Ndipempha kuntchito kuti Lachitatu ndidzalowe masana.